Digiri ya nyimbo ku Zomba kapena ku Thyolo: mwana wa kwaya akonzekere bwanji?

Nachisale:
Moni nonse pa gulu pano. Funso langa likukhudza ana amene alemba MSCE chaka chino ndipo akufuna kukaphunzira nyimbo ku yunivesite, makamaka ofuna kudzakhala aphunzitsi a nyimbo. Ambiri ndi a kwaya ya kutchalitchi, solofa amaiwerenga, ena amaimba kiyibodi. Kodi zimenezi n'zokwanira? Nanga miyezi imene akudikira zotsatira ndi kusankhidwa aigwiritse ntchito bwanji? Odziwa tiuzeni zenizeni, osati zongolimbitsa mtima.

Gama:
Zikomo mayi Nachisale. Ndiyambe ndi pakhomo, chifukwa ana ambiri amagwera pomwepo asanagwire n'komwe chida. Mayunivesite a boma satenga munthu chifukwa choti amaimba bwino. Kusankha kumadzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndipo chimene amayang'ana ndi MSCE: makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Kirediti ndi giredi 6 kapena yabwino kuposa pamenepo. Wapeza 7 pa Chingerezi sadutsa, ngakhale kwaya yonse itamamudalira.

Malo odziwika ndi awiri. Ku University of Malawi ku Zomba, imene ambiri timaitchulabe kuti Chanco ngakhale kuti kuyambira 2021 dzina la UNIMA linatsalira iyo yokha, amaphunzitsa nyimbo, komanso zisudzo ndi zojambulajambula. Kwina ndi ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, komwe Bingu School of Culture and Heritage imaphunzitsa African Musicology. Konse digiri ndi ya zaka 4. Wofuna uphunzitsi ayang'anitsitse mapulogalamu a Education, chifukwa ndi amene ali ndi maphunziro a kaphunzitsidwe ndi TP, nthawi yokayeserera kuphunzitsa m'sukulu. Mayina a mapulogalamu ndi zimene amafuna zimasinthasintha, choncho mwana awerenge yekha chikalata cha NCHE cha chaka chimenecho, asadalire zomva kwa amene analowa kale.

Mbewe:
A Gama anena za khomo, ine ndinene za chimene chimadikira mwana akalowa. Solofa ndi chuma, asaitaye. Koma m'kalasi ya theory nyimbo zimalembedwa pa staff, mizere isanu ija, ndipo amene sanaionepo amavutika semesita yonse yoyamba pa chinthu chimene akanachiphunzira kunyumba m'milungu yochepa.

Kusiyana kwake kuli apa. Mu solofa doh amasuntha: lero ali pa G, mawa pa E flat, koma pa pepala amalembedwa d yemweyo. Pa staff noti iliyonse ili ndi malo ake osasuntha, ndipo ntchito ya wowerenga ndi kupeza pamene doh wakhala. Njira yake ndi yachidule. Ngati kumayambiriro kwa mzere kuli ma sharp, sharp yomalizira kudzanja lamanja ndi te, ndiye doh ali pamwamba pake pomwepo. Ma sharp awiri, F ndi C: C sharp ndi te, doh ndi D. Ngati kuli ma flat, flat yomalizira ndi fah, ndiye mutsike fah, me, ray, doh. Ma flat atatu, B, E ndi A: A flat ndi fah, doh ndi E flat. Popanda sharp kapena flat, doh ndi C. Nyimbo ikamathera pa lah ndipo mukuona soh akukwezedwa kukhala se, dziwani kuti muli mu minor.

Aloweze mayina a mizere. Pa treble clef, kuchokera pansi, mizere ndi E G B D F, mipata ndi F A C E. Pa bass clef mizere ndi G B D F A, mipata ndi A C E G. Cholakwa cha pafupifupi aliyense woyamba ndi kuwerenga bass clef ngati treble, ndiye besi yonse imatuluka yolakwika ndi manoti awiri. Kenako atenge buku la nyimbo za kutchalitchi la solofa, tsiku lililonse asamutse nyimbo imodzi kuilemba pa staff, mawu onse anayi. Akatha ailembenso mu MuseScore, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, ndi kuimvera. Khutu limene likuidziwa kale nyimboyo ndi limene lidzamuuze pamene walakwitsa.

Nangozo:
Koma achimwene a Mbewe, kwaya za m'dziko muno pafupifupi zonse zimagwiritsa ntchito solofa. Mphunzitsi akadzatuluka ndi digiri adzabwerera ku solofa yomweyo. Nanga kuvutika konseku n'kwa chiyani?

Mbewe:
Funso lenileni limenelo achemwali. Solofa imagwira bwino pa mawu a munthu, pa nyimbo imene sisinthasintha kiyi. Nyimbo ikasintha kiyi katatu, ma bridge note, manoti olembedwa ndi mayina awiri posintha kiyi, amachuluka mpaka pepala kusokoneza. Pa zida ndiye imalephereratu: woimba piyano akugwira manoti anayi kapena asanu nthawi imodzi sangawerenge mizere isanu ya zilembo. Komanso mabuku a harmony (kaphatikizidwe ka mawu oimbidwa pamodzi), mayeso a ABRSM ndi Trinity (mabungwe a ku UK oyesa oimba), ndi nyimbo zonse za bandi zili pa staff. Mphunzitsi wabwino amawerenga pa staff koma m'mutu mwake akumva solofa, ndipo amatha kusamutsira kwaya yake nyimbo iliyonse imene wapeza. Wodziwa solofa yokha amadikira wina amulembere.

Jere:
Ine ndilowe pa kiyibodi, chifukwa matenda ake ndi amodzi m'matchalitchi monse: batani la transpose. Mnyamata amaphunzira ma chord atatu kapena anayi mu kiyi imodzi, kaya C kaya F sharp, ndipo kwaya ikakweza iye amangodina batani. Pa Sabata zimayenda. Pa mayeso amamukhazika pa piyano yopanda batani, amamuuza kuti aimbe sikelo ya E flat ndi manja onse awiri, ndiye pamathera pomwepo.

Amate batanilo ndi tepi. Ayambe masikelo ndi zala zoyenera, powerenga chala chachikulu ngati 1 ndi chaching'ono ngati 5. C major pokwera, dzanja lamanja ndi 1 2 3 1 2 3 4 5, lamanzere ndi 5 4 3 2 1 3 2 1. Kagwiridwe komweko kamagwiranso pa G, D, A ndi E. Pa F dzanja lamanja limasintha kukhala 1 2 3 4 1 2 3 4, chifukwa chala chachikulu sichikwera pa kiyi yakuda ya B flat. Aike metronome ya pafoni, imene imagunda nthawi mofanana, pa 60, noti imodzi pa kugunda kulikonse, dzanja lililonse palokha kaye. Aphatikize manja pokhapokha dzanja lililonse litadutsa katatu motsatizana osaphonya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wothamanga amaloweza zolakwa zake, ndipo kuzichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuziphunzira.

Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola anayi Loweruka lokha. Mu kiyi iliyonse, akatha sikelo aimbe ma chord a doh, fah, soh ndi kubwerera pa doh. Kiyi imodzi pa sabata, m'miyezi itatu wazungulira zonse 12.

Ngati makolo angathe kugula, kiyibodi ya makiyi 61 ndi yokwanira poyambira, koma ikhale ya touch response, yoti ukadina mwamphamvu imalira kwambiri, ukadina pang'ono imalira motsika. Ndipo ikhale yotha kuyendera mabatire. Zida za pasukulu zimagawanidwa ndi anthu ambiri, nthawi ya mayeso aliyense amazifuna, magetsi nawo amazima osatsanzika.

Nachisale:
A Jere, nanga amene alibe kiyibodi n'komwe?

Jere:
Apemphe kwa abusa kapena abambo mfumu kuti azigwiritsa ntchito ya kutchalitchi pakati pa sabata, nthawi zambiri imangokhala m'kabati. Wokhala ku Lilongwe afunsenso ku Music Crossroads, amaphunzitsa zida ndi theory. Kujambula makiyi pa katoni kumathandiza kuloweza zala, koma khutu siliphunzirapo kanthu.

Nkhoma:
Mwalankhula bwino nonse, koma mwana akamva zimenezi aganiza kuti digiri ya nyimbo ndi piyano ndi mizere isanu basi. Gawo lalikulu, makamaka kwa wopita ku African Musicology, ndi nyimbo zathu, ndipo kumeneko zida za ku Ulaya zija zimanama.

Tengani valimba ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Pa piyano octave imagawidwa m'magawo 12 ofanana, lililonse masenti 100, ndipo sikelo ya doh ray me ili ndi masitepe ena a 200, ena a 100. Valimba imachunidwa moyandikira masitepe 7 ofanana, lililonse pafupifupi masenti 171. Masitepe awiri amapanga pafupifupi 343, pamene piyano ili ndi 300 ndi 400 basi, pakati palibe. Wophunzira akabwera ndi tuner ya pafoni amalemba kuti chidacho n'chosachunidwa bwino, mwinanso kuuza mwini wake kuti asemenso. Kumeneko n'kulakwa kwakukulu. Choyenera ndi kuyeza kiyi iliyonse payokha, kulemba ma hertz ake, kenako kuwerengera mipata yake. Zomwezo pa bangwe ndi sansi. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, South Africa. Gerhard Kubik ndi Moya Malamusi nawo agwira ntchito yaikulu pa zida zathu kuchokera ku Chileka. Mwana akafika ku laibulale ayambe ndi mayina amenewa.

Pa kagundidwe vuto ndi lomwelo. Staff imafuna kuti unene kuti nyimbo ili mu 3/4 kapena 6/8 ndi kuti kugunda kwamphamvu kuli poyamba. M'magule athu ambiri ng'oma imodzi ikuyenda m'magulu a zitatu, manja akuomba m'magulu a zinayi, wovina watsata china, ndipo palibe amene walakwa. Njira yosavuta ndi kuwerenga tizigawo ting'onoting'ono ta nthawi, kawirikawiri 12 kapena 16 pa kuzungulira kumodzi, ndi kulemba x pamene pagundidwa, kadontho pamene palibe. Mwachitsanzo, pa tizigawo 12, wina akhoza kukhala x . . x . . x . . x . . pamene mnzake ali x . . . x . . . x . . . ndipo amakumana poyambira pokha. Yesani dzanja lamanja mzere woyamba, lamanzere wachiwiri, pa tebulo. Amene wakwanitsa zimenezi wayamba kumva zimene mbalule ikuchita pamwamba pa ng'oma zinzake.

Pa mangolongondo a Ayao pali msampha wina. Oimba awiri amakhala moyang'anizana, wina akugunda m'mipata imene mnzake wasiya. Khutu limamva nyimbo yothamanga imene palibe aliyense wa iwo akuiimba yekha. Wolemba kuchokera pa rekodi yokha amalemba chimene wamva, n'kupeza kuti palibe dzanja lingachiimbe. Mujambule kanema wa manja, ndipo mupemphe aliyense aimbe gawo lake payekha.

Mbewe:
Apa a Nkhoma sinditsutsa, ndingoonjezera kuti mwana adzakumana ndi malamulo awiri otsutsana m'sabata imodzi. M'kalasi ya harmony amamuchotsera malikisi akalemba mawu awiri oyenda limodzi motalikirana ma fifth kapena ma octave. Kumudzi mawu amayendera limodzi dala, kukwera onse, kutsika onse. Chifukwa china ndi chinenero: Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye alto akatsika pamene sopulano wakwera, liwu limodzi limamveka mitundu iwiri. Lamulo la m'buku lija ndi la nyimbo za ku Ulaya za nthawi ya Bach ndi omutsatira. Alidziwe, alitsate pa mayeso a phunziro limenelo, koma asapite nalo kukakonza chimtali cha amayi.

Popeka nyimbo ya Chichewa akumbukirenso kuti mphamvu ya liwu imagwera pa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto. Nyimbo zambiri zomasuliridwa zimamveka zachilendo chifukwa noti yaitali inagwera pa silabulo yomaliza. Alankhule mawuwo mokweza kaye, amve pamene akukoka, kenako aike manoti.

Nangozo:
Za kafukufuku wa kumudzi zija, ana ena amangofika ndi foni n'kuyamba kujambula. Tiwauze chiyani?

Nkhoma:
Ayambire kwa amfumu, ndi kalata ya ku dipatimenti m'manja, ndipo afotokoze kuti zojambulazo zikupita kuti. Gule wamkulu ndi vimbuza zinazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, tchopa mu 2014, sansi mu 2020 limodzi ndi mbira ya ku Zimbabwe, koma zimenezo sizitanthauza kuti zonse n'zapoyera. Za pabwalo mukhoza kujambula mutaloledwa. Za kudambwe si za pepala la mayeso, ndipo vimbuza ndi machiritso, pali wodwala pamenepo amene ayenera kuvomera yekha. Wofuna kuphunzira za zilombo popanda kulakwira mwambo apite ku Chamare Museum ku Mua, m'boma la Dedza.

Pa kajambulidwe: WAV osati MP3, 48 kHz, ndipo mita yoonetsa kukula kwa mawu isamapitirire pafupifupi -12 dB, chifukwa ng'oma ikangolowa imaphulitsa mawu ndipo zophulikazo sizikonzeka. Maikolofoni ayandikire oimba, atalikire ng'oma. Avekedwe chotchinga mphepo. Musanayambe, nenani mu rekodi momwemo tsiku, mudzi, dzina la gule ndi la nyimbo. Ng'oma ikawambidwa pamoto imakwera, ikazizira imatsika, ndipo phula la pakati limaitsitsa, choncho mulembe ngati mwayeza itangochoka pamoto. Pomvetsera pang'onopang'ono mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu ojambulidwa, musankhe Change Tempo. Change Speed imatsitsanso mawu, ndiye mulemba kiyi yabodza.

Naphiri:
Ine ndibwerere ku uphunzitsi, poti mayi Nachisale anafunsa za amenewo. Kuimba bwino ndi kuphunzitsa ana 80 m'kalasi yopanda chida n'zinthu ziwiri. Ku yunivesite adzamva za Kodály wa ku Hungary, Orff wa ku Germany ndi Dalcroze wa ku Switzerland. Zofunika kutolapo ndi izi: mwana ayambe waimba ndi kuvina asanaone chizindikiro pa bolodi, ndipo ayambire pa nyimbo za chinenero chake. Ophunzira a pa TP amachita motembenuza. Amathera mphindi 40 zonse akulemba matanthauzo pa bolodi, ana osatulutsa liwu, oyang'anira n'kulemba kuti phunziro la nyimbo linalibe nyimbo.

Kaphunzitsidwe ka nyimbo yatsopano n'kosavuta. Muiimbe yonse kawiri ana akumvera, mutawapatsa choti amvetsere, monga liwu limene likubwerezedwa. Kenako mzere umodzi inu, iwo abwereze, koma inu musaimbe nawo pobwerezapo, apo ayi simumva pamene akuphonya. Lumikizani mizere iwiriiwiri. Manoti ndi zizindikiro zibwere pomaliza, pa nyimbo imene aidziwa kale.

Kiyi musamaiyambe mwa mwayi. Ana aang'ono amaimba momasuka kuchokera pa C kapena D wapakati kufika pa C kapena D wapamwamba pake. Aphunzitsi aamuna amakonda kuyambira pansi pamene pali bwino kwa iwo, ana n'kumang'ung'udza. Tengani noti yoyambira pafoni kapena pa tuning fork ya A 440. Anyamata a Fomu 1 ndi 2 amene mawu akusintha amatsala ndi manoti ochepa, mwina asanu kapena asanu ndi limodzi. Musawakankhire ku besi chifukwa choti ndi anyamata, ndipo musawauze kuti azingotsegula pakamwa. Apezereni gawo logwera m'manoti amene ali nawo, ndipo muziwayesanso temu iliyonse.

Kwaya ikamatsika kiyi pakati pa nyimbo, kawirikawiri ndi mpweya wothera kumapeto kwa mzere, kapena me ndi te oimbidwa motsikirapo, makamaka potsika sikelo. Ikani malo opumira pa pepala, ndipo yesani kukweza nyimbo yonse ndi theka la sitepe, nthawi zambiri imakhazikika.

Jere:
Pa zida za m'kalasi, mayi Naphiri, mapaipi a pulasitiki a magetsi aja amathandiza. Paipi yotsekedwa mbali imodzi, yotalika masentimita pafupifupi 32 kapena 33, ikauziridwa imalira pafupi ndi C wapakati. Ya masentimita pafupifupi 22 imapereka soh wake, ya pafupifupi 16 doh wapamwamba. Dulani motalikirapo, kenako muzichepetsa pang'onopang'ono mukuyeza, chifukwa yofupika kale siibwerera. Mwana aliyense paipi imodzi, noti imodzi, azilandizana. Maseche a zitsekerero za mabotolo ndi visekese ana amapanga okha.

Amene adzapatsidwe bandi ya malipenga a mkuwa adziwe kuti trumpet ya B flat ikawerenga C imatulutsa B flat, ndipo alto saxophone ikawerenga C imatulutsa E flat. Mukawapatsa onse pepala la piyano, aliyense aimba molondola koma zotuluka zake n'zosamveka. Gawo la trumpet lilembedwe sitepe imodzi pamwamba.

Nachisale:
Makolo afunsa ndithu: ntchito ikapezeka kuti?

Gama:
Muwauze chilungamo. Ku pulayimale nyimbo sizili pazokha, zili mkati mwa Expressive Arts limodzi ndi masewera olimbitsa thupi ndi zaluso zina. Masekondale ophunzitsa nyimbo ngati phunziro ndi ochepa. Choncho phunziro lachiwiri limene mwana atenge pambali pa nyimbo, kaya Chichewa, Chingerezi kapena History, ndi limene nthawi zambiri limamulowetsa ntchito, nyimbo n'kubwera ngati kwaya ya sukulu kapena kalabu. Asalisankhe mwamasewera. Sukulu zotsata maphunziro akunja zimalemba aphunzitsi a nyimbo, koma zimafunsa chida chimene munthu amaimba ndi giredi yake. Mayeso a ABRSM amafika giredi 8, ndipo kuti ulembe giredi 6 ya chida uyenera kukhala utakhoza kaye giredi 5 ya theory kapena yofanana nayo. Ndi nzeru kulemba theory imeneyo ali pasukulu, zinthu zidakali m'mutu.

Kwina ndi ku makoleji a aphunzitsi, ku wailesi, m'masitudiyo, ku bandi ya polisi kapena ya asilikali, ndi ku zachikhalidwe. Wopeka nyimbo akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, asanazitulutse. Wofuna kupitiriza ku Cape Town, Pretoria kapena Rhodes asunge bwino zojambula ndi zolemba zake za chaka chomaliza, ndi zimene adzaonetse. Za fizi, ngongole ya boma imafunsiridwa ku HESLGB akangosankhidwa, koma chida chake, zingwe za gitala ndi ulendo wa kafukufuku aziwerengere padera.

Nangozo:
Mwana mmodzi wafunsa ngati angayambe chida chatsopano, monga violin, atafika kale ku yunivesite.

Jere:
Angathe, koma chisakhale chida chake chachikulu cha mayeso. Violin ilibe zizindikiro za pamene chala chigwere, ndipo chaka choyamba chimathera pa kupeza noti yoyera ndi kugwira uta. Zingwe zakenso ndi uta zikaonongeka n'zovuta kupeza kuno. Alembetse mawu kapena chida chimene wafika nacho patali, kiyibodi ikhale yachiwiri poti harmony yonse amaiyesera pamenepo, violin aziphunzira madzulo. Ngati akufunadi chida cha uta, kaligo ali pafupi, ndipo woimba wake akhozanso kukhala mutu wa kafukufuku wa chaka chachinayi.

Naphiri:
Ndipo wosankha mawu ayambe kuwatenthetsa mphindi 10 asanaimbe, kung'ung'udza kaye kenako masikelo apakati, osayambira pamwamba. Mawu akasasa kupitirira milungu iwiri asiye kuimba, akaonane ndi dokotala wa khutu, mphuno ndi mmero. Pa TP aziomba m'manja kapena kugunda ng'oma pofuna bata m'kalasi, asamakuwe.

Nachisale:
Zikomo nonse. A Mbewe, ana anayi agwirizana zoyamba kusamutsa nyimbo Lolemba. Tikatumiza zithunzi za mapepala awo pano mudzationere?

Mbewe:
Tumizani mayi, koma alembe ndi pensulo, ndipo pamwamba pa pepala aonetse kiyi ndi pamene doh wakhala. Ayambe ndi nyimbo za mu G ndi F, za sharp imodzi kapena flat imodzi. Sopulano ndi alto pa treble clef, tenala ndi besi pa bass clef, michira ya sopulano ndi tenala iloze kumwamba, ya alto ndi besi iloze pansi.